Chaka Chomwe Ndinaumitsa Chimanga Pabalaza

Alendo akalowa m'nyumba mwanga muno ku Masasa, maso awo sachedwa kukwera kudenga. Malata a pabalaza ndi akuda bii, pomwe a kuchipinda ndi oyera bwinobwino. Ena amafunsa ngati nyumbayi inapsapo. Sinapse ayi. Ndi chimanga chimenecho, ndipo nkhani yake ndi ya chaka chomwe mwana wanga woyamba, Tiwonge, anali mu Sitandade 8.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ku Mzuzu kuno ndinabwerera banja, nditakwatiwa ndi a Gondwe, omwe anali kalaliki mu ofesi ina ya boma. Kwathu ndine Nabanda, kuno anandisandutsa NyaBanda, ndipo ndinangovomera. Masiku amenewo mabanja ambiri a m'tauni tinkadya za kumudzi. Kwawo kwa amuna akakolola, matumba a chimanga ankabwera pa basi, ife n'kubweza shuga, sopo ndi mchere. Mkazi wa munthu wa mu ofesi kuoneka ndi khasu chinali chinthu chamanyazi, ngati ukulengeza kuti mwamuna wako walephera. Inenso manja anga anali atafewa, sindibisa.

Okutobala

Matumba aja chaka chimenecho sanabwere. Tinadikira, tinadikira, mpaka m'malo mwake anatulukira alamu anga a Yotamu, akulu awo a amuna anga, atanyamula kachikwama ka zovala basi. Atamwa madzi anakhala pabalaza ndi mng'ono wawo, ine nditagwada pakhomo ngati mmene mkamwana, mkazi wokwatiwa pabanjapo, amachitira.

"Kukaya kulije kanthu," anatero. Kenaka anatembenukira ku Chichewa kuti inenso ndimve bwino. "Kumudzi kulibe kanthu. Mvula inadula chimanga chisanabereke. Amama akalamba, minda yagonera, ana onse munathawira kuno. Ng'ombe tinapereka ife, koma mulamu wathuyu sanagwireko khasu m'munda mwathu. Abwere adzalime, ana atenge. Iwe utsale kuno uzigwira ntchito."

Amuna anga anangoyang'ana pansi. Ndinadziwa kuti m'mutu mwawo avomera kale, chifukwa malipiro awo sakanakwana kugula chimanga chaka chonse. Kwathu ku Dedza mwamuna ndiye amatsata mkazi, koma kuno ng'ombe zikapita, mkazi ndi ana ndi a kwa mwamuna. Zimenezo sindinkatsutsa. Chomwe chinandiwawa chinali Tiwonge. Sukulu ya kumudziko inkalekezera Sitandade 5, ndipo mtsikana wa msinkhu wake akafika kumeneko wopanda chochita, anthu amayamba kumuwerengera ng'ombe.

Mkamwana sayankha alamu ake pa nkhani zotere. Ine ndinayankha.

"Alamu, pepani ndilankhuleko. Khasu ndimalidziwa, ndinabadwira pamzere. Ndilima konkuno. Mudzabwere mu Juni. Mukadzapeza nyumba ino ilibe chakudya chake, ndidzanyamula ana ndekha, simudzachita kundikoka."

A Yotamu anaseka mpaka kutsokomola. "M'tauni muno mulima pati, mulamu? Pa tala?" Komabe anati chabwino, adzabwera mu Juni. Ankaganiza kuti ndidzafika ndekha Khirisimasi isanakwane.

Novembala

Malo anandipatsa NyaChirwa, mayi wa ku Nkhata Bay yemwe tinkaimba naye kwaya ku tchalitchi. Anali ndi munda wa chinangwa ku Kaning'ina, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo kumtunda kwake kunali tsala lomwe analitaya chifukwa cha apusi. Tinagwirizana kuti ine ndizimuthandiza kupalira, iye andisiyire tsalalo. Mbewu inali chimanga chamakolo chomwe mayi anga anandipatsa m'ndowa pomwe ndinakawaona, choti ndidzakonole. Mwayi ndinali ndisanachikhudze.

Tsiku loyamba ndikutuluka ndi khasu paphewa, amuna anga anandiimitsa pakhonde.

"Anyina Tiwonge, khasu lokhalo muzilikulunga m'thumba. Anzanga a ku ofesi amadutsa msewu womwewo."

Ndinalikulunga, mtima ukuwira. Ndiye tangoganizani, mayi wamkulu akuyenda kuchokera ku Masasa mpaka ku Kaning'ina ndi chinthu chachitali m'thumba, mpini ukusuzumira kumapeto. Ndani sanadziwe kuti ndi khasu? Feteleza ndinalibe, choncho ndinkafukula maenje akale a zinyalala kuseri kwa nyumba za anthu, n'kumasenza dothi lakudalo pamutu. Tsiku lina anandipeza mnansi wanga, mkazi wa aphunzitsi, yemwe ankafuna kuti tizimutchula Misisi Msiska.

"Ah, NyaBanda! Mwafika pofukula m'dzala? Ife ayi ndithu, timadya za m'sitolo. Za kumudzi tinazisiya kumudzi."

Ndinamuuza kuti dzala lake linali lonona kuposa onse, ndipo ndidzabweranso mawa.

Mvula yoyamba itangogwa ndinabzala, ngati mmene timachitira kwathu, maungu ndi nyemba pakati pa mizere. Ena ochepa omwe anali ndi timinda cha komweko anali asanayambe n'komwe. NyaChirwa anaima pamwamba pa mzere, manja m'chiuno.

"Mwafulumira chomene, NyaBanda. Kuno timabzala chimanga cha ku Khirisimasi uko. Mvula ya Mzuzu siidziwa kuti Epulo ndi mwezi wosiya."

Mumtima ndinati awa ndi a chinangwa, chimanga angachidziwire kuti? Ndipo enawo ndinangowatenga ngati alesi a m'tauni. Ndinapitiriza kubzala.

Disembala ndi Januwale

Chimanga chinamera mokongola, matuza m'manja mwanga anaphulika n'kusanduka zikang'a. Thumba lija ndinalitaya sabata ya Khirisimasi. Khasu linabwerera paphewa, ndipo amuna anga atandiona sanandiimitsenso pakhonde.

Ufa unatha m'nyumba Januwale asanafike pakati. Ana a masiku ano sangamvetse, koma nthawi imeneyo mawu oti njala sankatchulidwa pagulu. Pa wailesi tinkamva kuti dziko lili pa mwanaalirenji, ndiye iwe ndiwe yani woti unene zina? Tinkangoti zinthu zavutako pang'ono, tikuyang'ana uku ndi uku. Komwe ankagulitsa chimanga mzere unkazungulira mpanda wonse. Pachipata anyamata a chipani ankayamba aona khadi la umembala wa chipanicho, ndipo ukalowa ankakupimira kochepa, kofanana kwa aliyense, kaya uli ndi ana awiri kaya khumi. Masiku ena unkafika pasikelo n'kumva kuti chatha. Kumsika ndowa inkakwera mtengo sabata iliyonse, ndowa yakenso yophwanyidwa pansi kuti ichepe.

Mphekesera ndiye zinali mbwee. Ena ankati kukubwera chimanga chachikasu chochokera kunja, ena ankati chimenecho kwawoko amadyetsa mahatchi, enanso ankati mwamuna akadya amafooka m'nyumba. Chitabwera, onse omwe ankanena zimenezo ndi omwe anali kutsogolo kwa mzere.

Ife chinatipulumutsa ndi chinangwa cha NyaChirwa. Ndikamupalira, ankandipatsa ufa wa kondowole. Ine wa ku Dedza kondowole ndinkamunyoza, ndinkati amamata m'manja ngati ulimbo ndipo fungo lake silichoka pambale. Chaka chimenecho ndinaphunzira kumutakasa mpaka thukuta, n'kumathokoza kuti yewo chomene ndi mtima wonse. Tiwonge ndinamuletsa kuponda kumunda masiku a sukulu. Ankalira kuti akufuna kundithandiza, ine n'kumati, "Munda wako ndi buku. Ukalephera mayeso, khasu ili ndalisenzera chabe."

Febuluwale

Mwezi uwu ndi womwe unavula anthu. Banja la kuseri kwathu linatumiza ana onse kumudzi, komwenso kunalibe kanthu, kungofuna kuti asamawaone akulira. Wina anagulitsa wailesi, wina njinga. Kuchigayo amayi ovala bwino ankagula madeya, aliyense akunena mokweza kuti ndi a nkhuku. Nkhuku za ku Masasa chaka chimenecho zinachuluka modabwitsa, koma tambala sitinkamumva kulira.

Misisi Msiska anachotsa wantchito wake. Masana ena anandipeza ndikusadzula nkhwani pakhonde.

"NyaBanda, nkhwani wanuyu wakongola. Simungandigawireko pang'ono? Ndi wa nkhuku."

Ndinamupatsa wodzadza lichero, ndi maungu awiri anthete pamwamba, n'kumuuza kuti nkhuku zake zikafuna nsinjiro anene. Anaseka, kenaka misozi inalengeza m'maso. Sitinakambenso za dzala lija.

Amuna anga anaonda mpaka kolala ya malaya inkazungulira khosi. Komabe m'mawa uliwonse ankamanga tayi, nsapato zopolisha, n'kupita ku ofesi atamwa tiyi wopanda shuga. Madzulo ankakhala pabalaza pa mipando yawo ya khushoni. Mipando imeneyo anaigula atangokwezedwa pantchito, ndipo ndi pomwe ankalandirira akuluakulu a mpingo ndi anzawo a ku ofesi. Ana sankaloledwa kukhalapo. Ine ndinkaiyala tinsalu toluka, n'kumaipukuta fumbi tsiku lililonse.

Malichi

Kubzala msanga kuja kunandilipira pano. Anzanga chimanga chawo chikungoyamba kumasula, ine ndinali nditayamba kuthyola chachiwisi. Tinaphika, tinaotcha, maungu pambali. Ana anayamba kuthamanganso pabwalo. Apusi a m'nkhalango nawonso anamva mbiri, ndiye ndinkakhala kumunda tsiku lathunthu ndikumenya chitini, ndikuwatukwana m'Chichewa, NyaChirwa akuwatukwana m'Chitonga. Sankamva chilichonse mwa ziwirizo, ankangoopa miyala.

Ndinkayenda pakati pa mizere ndikugwiragwira zisononkho zazikulu ngati mkono wa mwana, n'kumati a Yotamu abwere adzaone. Ndinkangodikira kuti chiume pamunda, ndidule, ndisanje mikukwe ngati kwathu.

Epulo

Mvula sinasiye. Kwathu Epulo akafika thambo limayera, mphepo youma n'kuyamba kugwedeza mapesi. Kuno kunagwa mvumbi. Sinali mvula yaukali ayi, inali yamawawa, yongonyowetsa, kucha ndi kucha, nkhungu itaphimba nkhalango yonse ya Kaning'ina. Zovala pachingwe sizinkauma. Chimanga changa chinali chitakhwima, makoko atatseguka kunsonga, madzi akulowa.

Tsiku lina ndinasenda chimodzi. Kunsonga chinali chitachita chuku. Ndinasenda china, njere zinali zitayamba kumera pachisononkho pomwepo. Ndinakhala pansi m'matope. NyaChirwa anabwera, anayang'ana, ndipo sananene kuti ndinakuuzani, ngakhale ndinaona kuti mawuwo ali pamlomo.

"Tikanapinda mapesi kuti zisononkho ziyang'ane pansi," anatero, "koma tachedwa, madzi alowa kale. Chikagona kuno sabata ina, mudzakolola manyowa. Ndipo mukachiunjika chonyowa chonchi, chiolera m'thumba."

Ndinalira, sindinama. Ndinaona Tiwonge atakwera basi ya kumudzi, mabuku ake atatsala pawindo. Kenaka ndinakumbukira mmene mayi anga ankaumitsira mbewu pansanja, pamwamba pa moto. Koma kakhitchini kanga kanali kaudzu, kodontha, koti ukalowa ndi mphika kadzadza. Malo ouma, aakulu, a malata, analipo amodzi okha.

Linali Loweruka, ndipo masiku amenewo a mu ofesi ankaweruka masana. Amuna anga atafika anapeza mipando yawo itasanjikizana kuchipinda mpaka kudenga, tebulo lili pakhonde. Pabalaza ndinali nditaimika mitengo ya mphanda, nditayala nsungwi pamwamba, pansi nditaika lata lakale ndi dothi poyatsapo moto. Dengu loyamba la chimanga linali kale pansanja, utsi ukutuluka m'mawindo.

Anaima pakhomo, ambulera ikudontha.

"NyaBanda! Mwazungulira mutu? Pabalaza panga mwasandutsa khitchini ya kumudzi? Mawa akuluakulu a mpingo akubwera kuno!"

"Abwere, adzatithandize kusenda."

"Anthu adzati chiyani? Ine ndine munthu wa mu ofesi!"

Ndinatenga chisononkho chomera chija n'kuwaika m'manja. Sindinabwerere m'mbuyo.

"Bambo a Tiwonge, taonani ichi. Chonse chili kumunda chikhala chonchi. Mu Juni akulu anu akubwera, ndipo ndinalonjeza pamaso panu. Sankhani lero. Mukufuna pabalaza poyera, kapena mukufuna mwana wanu alembe mayeso? Mukati mipando, ndizimitsa motowu pompano, ndikayambe kumanga katundu."

Tiwonge anali ataima pakhomo la kuchipinda, buku lili pachifuwa. Bambo ake anamuyang'ana, anayang'ana chisononkho chija, n'kulowa kuchipinda. Ndinati basi, zatha. Patapita kanthawi anatuluka atavula tayi, atavala kabudula wakale ndi malaya ong'ambika paphewa, n'kukankha njinga yawo.

"Matumba ali kuti?" anafunsa.

Masana amenewo kalaliki wa boma anadutsa pakati pa tauni akukankha njinga yosenza chimanga chonyowa, matope mpaka m'mawondo, ulendo ndi ulendo mpaka dzuwa kupendeka. Anakumana nawo anzawo a ku ofesi aja, atabisala mvula pakhonde la sitolo. Amuna anga anangokweza dzanja, "Monire mose," n'kupitirira. Ine ndinali pambuyo ndi dengu pamutu, ndipo pa zaka zonse za banja lathu sindinawakondepo ngati tsiku limenelo.

Meyi

Moto sunazime pabalaza mpaka mvula inatopa yokha. Tinkasenda, kusankha, kuyala, kutembenuza. Chowola tinkataya pambali, ndipo chinali chambiri, mtima unkandipweteka pochitaya. Misisi Msiska anabwera yekha ndi mpeni wake, atamanga duku, n'kukhala pansi pa simenti kusenda nafe. Akuluakulu a mpingo aja anapempherera pakhonde, akutsokomola.

Chilichonse m'nyumba chinanunkha utsi, mabulangete, mayunifomu, mabuku a Tiwonge. Ku ofesi amuna anga ankawafunsa ngati ayamba geni yowamba nsomba ku Nkhata Bay. Poyamba ankabwera atakwiya, kenaka anayamba kufotokoza akuseka. Maso athu anafiira, makoma anada, malata anachita mwaye. Koma njere zinayamba kulira gwa ukaluma.

Dzuwa litabwerera, ndinaluka nkhokwe kuseri kwa nyumba, amuna anga akundipatsira nsungwi. Anthu odutsa ankaima kuyang'ana, poti nkhokwe m'tauni inali yachilendo. Sinadzadze mpaka pamwamba, koma inapitirira pakati, ndipo nyemba zinali padera.

Juni

A Yotamu anafika kukuzizira, atavala chijasi. Ndinawalandira, n'kuwatengera kuseri osanena zambiri. Anasuzumira m'nkhokwe, anatenga chisononkho, anatonola njere n'kuluma. Ine mtima unali m'malo, ndikuti nkhani yatha.

"Nadi, mulamu, mwalima," anatero. Kenaka anatembenukira kwa mng'ono wawo. "Ndiye waona? Mkazi wolima chonchi pa tsala la apusi, ku minda ya adada angakolole zotani? Ameneyu ndi amene tikumufuna kukaya. Kuno akungoonongeka."

Mayo ine! Khasu langa lomwe linali litandigulitsa. Ndinayang'ana amuna anga, omwe chibadwire sanatsutsepo akulu awo. Anatambasula manja awo onse awiri pamaso pa a Yotamu, zikang'a zili poyera.

"Akulu, munda uwu sanalime yekha, ndipo chaka chamawa tikuukuza. Mawu anali oti mukapeza nyumba ilibe chakudya, apite. Chakudya ndi icho. NyaBanda sapita, Tiwonge akulemba mayeso mwezi wamawa. Amama sitiwataya. Chaka chilichonse thumba lizichoka kuno kupita kukaya, ndipo loyamba mukwera nalo mawa."

A Yotamu ananunkhiza chisononkho chija. "Chikununkha josi," anatero, kutanthauza utsi.

"Amama akakonola, fungo lichoka," ndinayankha.

M'mawa mwake tinawaperekeza ku depoti, thumba lili pa njinga. Kondakitala poliponya pamwamba pa basi anafunsa kawiri ngati sitinasokoneze, poti chimanga iye ankachidziwa chikutsika ku Mzuzu, osati kukwera.

Tiwonge analemba mayeso ake ndi yunifomu yonunkha utsi, ndipo dzina lake linatuluka pa omwe anasankhidwa kupita ku sekondale. Ine chaka chotsatira ndinabzala cha ku Khirisimasi ngati anzanga, koma mizere ingapo ndinabzalabe ndi mvula yoyamba, ya mwezi wa njala. Mpaka lero ndimatero.

A Gondwe anatisiya kale, mipando ija inatha, makoma tinapaka laimu kangapo konse. Malata okha ndinakana. Tiwonge, yemwe tsopano ndi namwino ndipo ali ndi ana akeake, akabwera amayang'ana kudenga n'kuyamba nyimbo yake.

"Amama, mwaye uwu ukutichititsa manyazi. Ndilipira ndine, tiike siling'i."

Ndimamuuza kuti satifiketi yake ili m'sutikesi, ya ine ndi bambo ake ili kudengako. Ndikadzafa adzaphimbe.